Mutu 12: Makadi Akakana

Chakumapeto kwa chaka cha 2009, pa malo otchovera juga a pa intaneti otchedwa Full Tilt Poker panatulukira munthu yemwe palibe ankamudziwa nkhope. Ankangodziwika ndi dzina loti Isildur1. M'mwezi wa Novembala anadya akatswiri otchuka monga Tom Dwan ndalama zankhaninkhani, ndipo anthu m'mayiko ambiri ankachezera pa kompyuta kungoonerera momwe mlendoyu ankasewerera. Koma pa 8 Disembala, m'maola ochepa chabe, wophunzira wina wa ku America dzina lake Brian Hastings anamudya madola oposa 4 miliyoni. Kumayambiriro kwa 2011 zinadziwika kuti Isildur1 anali Viktor Blom wa ku Sweden, yemwe pa nthawi ya zonsezi anali mnyamata wa zaka 19.

Okonda poker akhala akukangana za tsiku limenelo. Ena amati makadi anangomukana mnyamatayo. Ena amakumbutsa kuti Hastings anaulula yekha kuti iye ndi anzake anali ataunika mofatsa kaseweredwe ka Blom asanakumane naye. Enanso amati vuto linali la mwiniwake, chifukwa ankaika pafupifupi chuma chake chonse pa matebulo angapo nthawi imodzi, kulimbana ndi akatswiri okhaokha, osapuma. Mbali zitatu zonsezi zili ndi choonadi chake, ndipo aliyense amene akudyedwa motsatizana ayenera kuzisiyanitsa: tsoka, luso ndi kudziletsa. Chovuta n'chakuti munthu akamadyedwa, zitatuzi zimamuonekera ngati chinthu chimodzi, ndipo dzina lomwe amachipatsa ndi tsoka.

Tsoka lili m'kati mwa masewerawo

Mtundu wa poker womwe umaseweredwa kwambiri ndi Texas Hold'em. Makadi amakhala 52. Wosewera aliyense amalandira awiri obisa, ndipo ena asanu amayalidwa pakati pa tebulo kuti aliyense awagwiritse ntchito: atatu nthawi imodzi, kenako limodzi, kenako lomaliza. Khadi lisanayalidwe, ndiponso lomaliza litayalidwa, osewera amabetcha, amalondola kubetcha kwa anzawo, amakweza, kapena amataya makadi awo n'kutuluka. Ndime imodzi imatha wina akatenga ndalama zonse zomwe zaunjikana pakati.

Tiyerekeze kuti mwalandira ma ace awiri. Palibe makadi oyambira oposa amenewa. Mnzanu ali ndi ma king awiri, ndipo nonse mwaponya ndalama zanu zonse khadi lililonse lisanayalidwe. Masamu akuti mudzapambana maulendo 82 pa 100 alionse. Mwasewera bwino, palibe chomwe mukanachita choposa apa. Koma maulendo 18 otsalawo sapita kwina; amabwera ndithu, kawirikawiri king wachitatu akagwa pakati. Kudyedwa motere kawiri motsatizana kumachitika pafupifupi kamodzi pa 30, ndipo katatu motsatizana kamodzi pa 170. Ziwerengero zimenezi si zodabwitsa kwa munthu wosewera tsiku ndi tsiku.

Nachi china chomwe chimapsetsa mtima osewera ambiri. Makadi atatu ayalidwa ndipo inu muli patsogolo. Mnzanu alibe kanthu, koma ali ndi makadi anayi a mtundu umodzi, akudikira lachisanu. Mtundu uliwonse uli ndi makadi 13, choncho atsala 9 omwe angamupulumutse, ndipo kwatsala makadi awiri oti ayalidwe. Mwayi wake ndi 35 pa 100. Mukabetcha ndalama zambiri iye n'kulondolabe, walakwitsa, ndipo akapitiriza khalidwe lotere adzasauka. Komabe kamodzi pa katatu khadi lake lidzagwa, adzakokera ndalama zanu kwa iye, n'kumadziona ngati dolo. Osewera amatcha zoterezi bad beat.

Chimene wodyedwayo amaiwala n'chakuti masewerawa amakhalapo chifukwa cha 35 yemweyo. Wosadziwa akanakhala kuti amagonja ulendo uliwonse, ngati mmene zimakhalira pa chess, akanasiya sabata yoyamba, ndipo katswiri akanasowa womudya. Wosadziwayo amabweranso mawa chifukwa dzulo anapambana. Walira mvula walira matope: amene akufuna kusewera ndi anthu olakwitsa avomerenso kuti masiku ena olakwitsawo adzamudya.

Chifukwa chake pa intaneti zimapweteka kwambiri

Pa tebulo la mu kasino, pomwe munthu amasakaniza ndi kugawa makadi ndi manja, pa ola mumaseweredwa ndime pafupifupi 30. Pa intaneti kompyuta imagawa m'kuphethira kwa diso, ndipo tebulo limodzi limatha ndime 60 mpaka 100 pa ola. Ambiri satsegula tebulo limodzi. Wosewera matebulo anayi amaona ndime ngati 300 pa ola, kutanthauza kuti madzulo amodzi a maola anayi amaona zomwe wa mu kasino angaone m'sabata yathunthu ya ntchito. Ma ace awiri amabwera kamodzi pa ndime 221, choncho iye amawalandira pafupifupi kamodzi pa mphindi 45. Pamene zabwino zikubwera pafupipafupi, zowawa nazo zimabwera pafupipafupi, ndipo mtima umasunga zowawazo.

Akatswiri amayeza phindu lawo pogwiritsa ntchito ndalama yomwe wosewera mmodzi amakakamizidwa kuika ndime isanayambe, yotchedwa big blind. Amene amapindula ma big blind 5 pa ndime 100 zilizonse ndi wosewera wabwino kwambiri. Koma m'ndime 100 zomwezo ndalama zake zimatha kukwera kapena kutsika ndi ma big blind 80 mpaka 100 chifukwa cha mmene makadi agwera basi. Phindu ndi laling'ono, kugwedezeka n'kwakukulu. Kugwedezeka kumeneku ndi komwe amati variance.

Tikawerengetsa ndi manambala amenewa, zotsatira zake n'zoziziritsa nkhongono. Mwa akatswiri 10 otere, aliyense atasewera ndime 10,000, pafupifupi atatu adzapezeka ataluza. Ngakhale atasewera ndime 100,000, pafupifupi mmodzi mwa 18 adzakhalabe pansi. Palibe chomwe walakwitsa, sanalodzedwe, ndipo kompyuta sinamukondere mnzake. Amene phindu lake ndi ma big blind 1 kapena 2 okha akhoza kutha miyezi yambiri osaona kusintha.

Pa mipikisano ndiye zimanyanya. Nthawi zambiri omwe amalandirako kanthu ndi 10 mpaka 15 mwa 100 alionse, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo limapita kwa ochepa ofika pa tebulo lomaliza. Ngakhale katswiri amatuluka chimanjamanja m'mipikisano yambiri yomwe walowa. M'chaka cha 2003, Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee, anapeza mpando wa mpikisano waukulu wa World Series of Poker kudzera pa mpikisano waung'ono wa pa PokerStars, n'kupambana madola 2.5 miliyoni pakati pa anthu 839. Nkhani yake inakokera anthu miyandamiyanda ku poker ya pa intaneti. Iwo anaona mmodzi yemwe anakweza chibangili cha wopambana m'mwamba. Mazana omwe anabwerera kwawo opanda kanthu sanaonekere pa kanema.

Kodi kompyuta imabera?

Munthu akadyedwa masiku angapo, ganizo loyamba ndi lakuti malowo ndi achinyengo. Ganizoli silochokera patali, chifukwa chinyengo chinachitikapo. M'chaka cha 2007, pa Absolute Poker, wosewera wina wotchedwa Potripper anapambana mpikisano m'njira yokayikitsa: ankataya makadi pomwe pafunika kutaya ndipo ankalondola pomwe pafunika kulondola, osaphonya. Amene anakhala wachiwiri anapempha kaundula wa ndime zonse, ndipo kampaniyo inamutumizira fayilo yoonetsa makadi obisa a aliyense. Osewera ataiunika anapeza kuti Potripper ankaona makadi a anzake. Chaka chotsatira zofananazo zinaululika pa UltimateBet. Ndipo pa 15 Epulo 2011, boma la America litatsekera nzika zake malo akuluakulu a poker, zinadziwika kuti Full Tilt Poker inalibe ndalama zokwanira kubwezera osewera ake, moti ambiri anadikira nthawi yaitali kuti alandire zawo.

Taonani mmene chinyengo chimenechi chinagwidwira. Sichinagwidwe ndi munthu wodandaula kuti ma ace ake agonja katatu usiku umodzi. Chinagwidwa ndi anthu omwe anasonkhanitsa ndime zambirimbiri n'kuonetsa kuti munthu sangapambane motero popanda kuona makadi a anzake. Phunziro lake n'lakuti musewere pa malo okhawo omwe ali ndi chiphaso cha boma lodziwika, ndipo musasungeko ndalama zambiri. Koma kuganiza kuti kompyuta ikudana nanu inuyo panokha kumangokutsekani maso kuti musaone zolakwa zanu.

Mtima ukatentha

Ndalama zomwe tsoka limatenga zimakhala ndi malire. Zomwe munthu amataya yekha pambuyo pa tsokalo ndi zomwe zilibe malire. Osewera amati munthu wotere ali pa tilt, ndipo aliyense amene wakhala pa tebulo amamuzindikira msanga. Makadi omwe masana akanawataya osaganiza kawiri, tsopano akusewera nawo. Wayamba kulondola munthu mmodzi yemwe anamudya, tebulo ndi tebulo. Nthawi yakwana 2 koloko usiku, watseka tebulo la madola 10 n'kutsegula la madola 50, chifukwa pa laling'onolo kubweza kutenga nthawi. Ndalama zatha, waikanso zina. Pakamwa pake pali mawu amodzi: ndingobweza zanga zokha, ndidzuka.

Khalidwe limeneli akatswiri a maganizo a anthu analifotokoza kalekale. M'chaka cha 1979, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anaonetsa kuti anthu sayeza kupeza ndi kutaya pa sikelo imodzi. Kafukufuku wawo wotsatira anapeza kuti kutaya ndalama kumapweteka pafupifupi kawiri kuposa mmene kupeza ndalama yomweyo kumakomera. Anaonetsanso kuti munthu amene ali patsogolo amakonda kusamala, pamene amene wataya amalolera kuika moyo pachiswe kuti abwerere pomwe anali. M'chaka cha 2009, Gary Smith, Michael Levere ndi Robert Kurtzman anaunika ndime za osewera a ndalama zambiri pa intaneti ndipo anapeza zomwezo: akadyedwa ndalama yaikulu, ambiri ankayamba kusewera ndi makadi ofooka omwe kale ankawataya. Awa sanali ophunzira kumene, anali anthu odziwa masamu a masewerawo.

Pali bodza linanso lomwe mtima umadzinamiza nalo, lakuti tsoka likachuluka ndiye kuti mwayi wayandikira. Nkhani yotchuka ndi ya mu kasino wa ku Monte Carlo mu Ogasiti 1913, pomwe kampira ka roulette kanagwera pa malo akuda maulendo 26 motsatizana. Anthu anataya chuma chambiri pobetcha pa malo ofiira, poganiza kuti nthawi yake yakwana. Kampirako sikankakumbukira komwe kanagwera poyamba. Makadi nawo sakumbukira. Ma ace anu atagonja kasanu, ulendo wachisanu ndi chimodzi mwayi wawo pa ma king udakali 82 pa 100, osakwera, osatsika. Palibe ngongole yomwe makadi ali nayo kwa inu, ndipo palibe minyama yoti mukatsuke.

Zimene odziwa amachita

Chida choyamba ndi mpamba. Mayi wa geni ya tomato amadziwa kuti ndalama ya mpamba ndi ya ndiwo sizigona m'thumba limodzi, ndiponso kuti sapikula ndi ndalama zonse tsiku limodzi chifukwa tsiku lina tomato amaola. Wosewera wanzeru amachita chimodzimodzi. Amapatula ndalama yomwe ikatha yonse pakhomo sipasintha kanthu, ndipo pa tebulo amapita ndi kagawo kochepa chabe. Langizo lomwe akatswiri ambiri amapereka ndi lakuti mpamba ukhale wokwanira kulowera pa tebulo maulendo 30 mpaka 50, ndipo wa mipikisano ukhale wa maulendo 100 kapena kuposa. Amene ali ndi madola 500 malo ake ndi pa tebulo lolowera madola 10. Mpambawo ukatsika kufika pa 250, asamukire pa tebulo la madola 5.

Kutsika kumeneku ndi komwe kumakanika ambiri, chifukwa kumachititsa manyazi. Munthu yemwe anazolowera kuona madola 200 pakati pa tebulo amaona ngati akuseweretsa nthawi akaona madola 8. Koma amene watsika amakhalabe m'masewero, ndipo kumunsiko amakumana ndi osewera ofooka omwe amamubwezeretsa mtima m'malo. Amene wakana kutsika amangofunika sabata imodzi yoipa kuti atheretu.

Chida chachiwiri ndi malire oikiratu. Munthu asanatsegule tebulo anene kuti ndikadyedwa zolowera zitatu ndatseka, kapena kuti ikakwana 10 koloko ndadzuka, zivute zitani. Malirewo aikidwe mutu uli wozizira, chifukwa munthu wa pa tilt sakhala woweruza wabwino wa mlandu wake womwe. Malo ambiri okhala ndi chiphaso ali ndi pomwe wosewera angadziikire malire a ndalama zoika pa tsiku kapena pa mwezi, ngakhalenso kudzitsekera kwa masiku angapo. Ubwino wake n'kuti kompyuta simva kuchonderera kwa 2 koloko usiku. Tulo, njala ndi mowa nazo zimawerengedwa: wosewera wotopa kapena woledzera amakhala atayamba kale kutaya asanagawiridwe khadi.

Chida chachitatu ndi kuunika, ndipo apa wa pa intaneti ali ndi mwayi womwe wa mu kasino alibe. Ndime iliyonse imalembedwa. Mapulogalamu monga PokerTracker ndi Hold'em Manager amasunga zonse, ndipo amatha kuonetsa pa mizere iwiri kusiyana kwa ndalama zomwe munthu wapeza ndi zomwe akanapeza makadi akanagwa molingana ndi masamu pa ndime zomwe anaponya zonse. Mizere iwiriyo ikatalikirana kwambiri, tsoka lilipodi. Ikamatsikira limodzi, vuto lili pa mpando. Annie Duke, yemwe anasewera poker zaka zambiri asanalembe buku lake la 2018 lotchedwa Thinking in Bets, amachenjeza za chizolowezi choweruza chiganizo potengera zotsatira zake zokha. Mukhoza kusewera bwino n'kudyedwa, mukhozanso kusewera mopusa n'kupambana. N'chifukwa chake pounika simuyenera kuyang'ana ndime zomwe munaluza zokha. Zolakwa zambiri zimabisala m'ndime zomwe munapambana mwangozi, chifukwa palibe amene amabwerera kukazifunsa.

Chida chachinayi ndi pakamwa. Maria Konnikova, wolemba yemwe anaphunzira za maganizo a anthu, anayamba poker osadziwa kanthu, n'kuphunzitsidwa ndi katswiri Erik Seidel. M'buku lake la 2020, The Biggest Bluff, akufotokoza kuti Seidel sankafuna kumva nkhani za mmene khadi lomaliza linamupwetekera. Ankafuna kumva za chiganizo chomwe anapanga ndi chifukwa chake. Nzeru yake ndi yoonekeratu. Amene amangokhalira kusimba tsoka lake amadzizoloweza kudziona ngati wolakwiridwa, ndipo wolakwiridwa saphunzira, amangodikira chipepeso chomwe sichidzabwera.

Pamene si tsoka

Zonse tanenazi zikukhudza munthu amene luso lake limaposa la anzake a pa tebulo. Anthu otere ndi ochepa. Mwini malo amadula kagawo pa ndalama zapakati, kawirikawiri pafupifupi 5 pa 100 mpaka pa mlingo wina, ndipo pa mipikisano amadula pa ndalama yolowera. Choncho anthu asanu ndi mmodzi a luso lofanana atasewera nthawi yaitali, onse adzaluza, wopindula adzakhala mwini tebulo. Kuti munthu apeze phindu ayenera kuposa anzake ndi mlingo woposa kagawo kameneka. Osewera ambiri safikapo. Mawu oti variance ndi oona, koma asanduka pobisalira pa anthu ochuluka omwe akungodyedwa chifukwa anzawo amawaposa. Ngati mwasewera ndime 100,000 ndipo mzere ukungotsika, yankho lomwe lili pafupi ndi choonadi si tsoka.

Ndipo luso palokha silipulumutsa munthu. Stu Ungar anapambana mpikisano waukulu wa World Series of Poker katatu, mu 1980, 1981 ndi 1997, ndipo ambiri amamuika m'gulu la akatswiri oposa onse. Zomwe ankapeza pa makadi ankazitaya pobetcha pa masewero ndi mahatchi komanso pa mankhwala ozunguza bongo. Anamwalira mu Novembala 1998 m'chipinda cha motelo yotsika mtengo ku Las Vegas, ali ndi zaka 45, chuma chonse chitatha.

Madokotala amaona juga yosalamulirika ngati matenda. M'chaka cha 2013, bungwe la madokotala a maganizo la ku America linaiika m'gulu limodzi ndi uchidakwa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo bungwe la World Health Organization nalo limaiwerenga ngati matenda. Chimodzi mwa zizindikiro zake ndi chomwe tafotokoza chija, kubwerera kukathamangitsa zomwe zatayika. Zina ndi kubisira a pabanja kuchuluka kwa zomwe zapita, kulephera kusiya ngakhale utayesa, kufuna kubetcha zochulukirachulukira kuti mtima ugunde ngati kale, ndi kudalira ena kuti akuwombole pa ngongole. Munthu akafika potenga katapila, kupinyolitsa katundu wa m'nyumba kapena kugwira ndalama ya lendi ndi ya fizi, nkhani ya mpamba ndi masamu yatha. Zizindikirozi n'zofanana kwa wa poker ndi kwa wobetcha mpira pa foni. Kusiyana kwake n'koti pa masewero ongodalira mwayi, monga roulette, palibe luso lomwe lingagonjetse kagawo ka mwini malo, ngakhale munthu atadekha chotani.

Thandizo lilipo. Gulu la Gamblers Anonymous, lomwe linayamba ku Los Angeles mu 1957, limasonkhanitsa anthu a vuto limeneli m'mayiko ambiri. Ku Britain kuli ndondomeko ya GamStop, yomwe munthu akalembetsa amatsekeredwa pa malo onse a juga a pa intaneti okhala ndi chiphaso cha dzikolo, ndipo kuyambira mu Epulo 2020 kutchova juga ndi khadi la ngongole la ku banki n'koletsedwa kumeneko. Komwe kulibe zoterezi, poyambira ndi kuuza munthu mmodzi wodalirika chiwerengero chenicheni cha ndalama zomwe zapita, kumupatsa kuti azisunga ndalama za pakhomo, ndi kukaonana ndi a zaumoyo.

Choncho, inu amene makadi akukukanani, musanatsegulenso tebulo dzifunseni mafunso atatu. Kodi ndime zomwe ndasewera ndi zokwanira kuti ndidziwe ngati ndimaposadi anzanga? Kodi ndalama yomwe ndikusewera nayo itatha lero, pakhomo padyedwa mawa? Kodi ndikadziuza kuti ndadzuka, ndimadzukadi? Ngati mayankho onse ndi inde, tsikani tebulo, unikani ndime zanu, ndipo pirirani, chifukwa nyengo yotere imagwera aliyense wosewera. Ngati funso lachiwiri kapena lachitatu mwayankha kuti ayi, vuto lanu si makadi. Tsekani akaunti lero lomwe, ndipo muuze wina.